Mfumu ya ku Ireland ikamwalira ankalowa ndani? Mndandanda wa ku Tara wandizunguza

Wa_ku_Chilomoni:

Abale, amene mumaitsata mbiri yakale ya ku Ulaya ndithandizeniko. Ndili ndi mndandanda wa mafumu a ku Tara, ku Ireland, kuchokera m'ma 700 kufika 1022, ndipo pali zinthu zomwe sizikundilowa. Mfumu ikamwalira sakulowa mwana wake, sakulowanso mwana wa mlongo wake monga zimakhalira kwa ife Achewa. Akulowa munthu wakutali, kenako mpando ukubwerera kwa mwana wa woyamba uja. Lamulo lake linali lotani? Nanga mfumu ya ku Tara inkalamuliradi chilumba chonse? China ndi zaka: pena akuti Máel Sechnaill anamwalira mu 862, pena 861, penanso 860. Cholondola n'chiti?

Mphunzitsi_wa_pa_Soche:

Achimwene, yambani mwachotsa m'mutu chithunzi cha mfumu imodzi yokhala pamwamba pa onse. Chilumba cha Ireland n'chochepa kuposa Malawi, koma m'zaka za m'ma 600 mpaka 900 chinali ndi timaufumu pafupifupi 150 nthawi imodzi. Kaufumu kamodzi ankati túath, mfumu yake rí. Pamwamba pa mfumu yotere panali ruiri, amene anagonjetsa mafumu anzake angapo, ndipo pamwamba pa ruiri panali mfumu ya chigawo chonse, monga Munster, Leinster kapena Connacht. Malamulo otchedwa Críth Gablach, olembedwa cha m'ma 700, amathera pa makwerero atatu amenewa. Mfumu ya chilumba chonse mulibemo.

Munthu atha kunena kuti ndiye nyakwawa, gulupu ndi T/A basi. Zikufananako, koma apa pali posiyana pamene muyenera kugwira. Mfumu yaikulu sinkalowerera milandu ya m'kati mwa túath ya mnzake. Chimene chinkawamanga chinali pangano la anthu awiri: wamng'ono ankalandira mphatso, n'kumapereka mtulo, n'kumatuluka ndi asilikali ake akaitanidwa, komanso ankapereka anthu achikole, kawirikawiri ana ake kapena ana a nduna zake, kuti azikakhala kwa wamkuluyo. Mmodzi wa awiriwa akamwalira pangano lathera pompo. N'chifukwa chake mfumu yatsopano iliyonse mumaiona ikuyamba ndi kuzungulira ndi nkhondo kwa anansi: ikukatolera chikole chatsopano. Mawu akuti anatenga achikole a chigawo chakuti ndiwo muyeso weniweni wa mphamvu ya mfumu m'zolembedwa zakalezo, osati dzina laulemu.

Ulemu wa munthu unali ndi mtengo wake, umene unkalipidwa ngati chindapusa akanyozedwa kapena kuvulazidwa. Wa mfumu ya túath unali ma cumal 7, wa mfumu ya chigawo 14. Cumal kwenikweni ndi mdzakazi, koma mawuwa ankagwira ntchito ngati ndalama, ndipo kawirikawiri amawerengedwa ngati ng'ombe zamkaka 3. Mtengowu unkatha kugwa mpaka kufanana ndi wa munthu wamba mfumu ikapezeka itagwira nkhwangwa kapena fosholo, ikamayenda yopanda oiperekeza, kapena ikalasidwa kunkhongo pothawa nkhondo. Malamulo omwewo anaikonzera ndi sabata yake yomwe: Lamulungu kumwa mowa, Lachiwiri kusewera fidchell, masewera apabolodi omwe kwa ife tingati bawo, Lachitatu kuonera agalu akusaka, Lachisanu mpikisano wa akavalo, milandu Lolemba ndi Loweruka. Lachinayi linali la kuchipinda. Sindikhulupirira kuti mfumu ina inatsatadi ndondomekoyi, koma ikusonyeza mmene oweruza ankaionera ntchitoyo.

Tsopano za kulowa ufumu. Mzere unali wakuchimuna, ngati kwa Angoni, koma kunalibe lamulo loti mwana woyamba kapena mwana wa mkazi wamkulu ndiye mwini mpando. Mitala inali yololedwa, ndipo mwana aliyense amene bambo wake anamuvomera anali ndi gawo. Banja lowerengedwa pa malamulo linali derbfine: mwamuna, ana ake aamuna, zidzukulu, ndi ana a zidzukuluzo, mibadwo 4. Ndiye ngati bambo ako, agogo ako kapena agogo a bambo ako anakhalapo pampando, nawe unali m'gulu la oyembekezera. Mfumu ya ana aamuna 5, pofika mbadwo wachinayi oyembekezerawo ndi khamu.

Mwa khamulo ankapambana wa anthu ambiri pambuyo pake, ndipo anthu ankabwera ndi ng'ombe. Wolemera ankabwereketsa ng'ombe kwa alimi, iwo n'kumabweza chaka ndi chaka ndi chakudya, ntchito ndi kumumenyera nkhondo. Chofunika china chinali thupi lopanda chilema. Malamulo a za njuchi, Bechbretha, amanena kuti Congal Cáech anachotsedwa pa ufumu wa Tara njuchi itamuluma m'diso n'kuliwononga. Apa ndi pamene panachokera khalidwe loipa lokolowola maso a opikisana nawo: sunamuphe m'bale wako, koma pampando sadzakhalapo. Mu 864 Áed Findliath anachita zimenezi kwa Lorcán mac Cathail, mfumu ya ku Mide.

Nabanda_wa_ku_Limbe:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma pa derbfine ndiwakoke pang'ono malaya. Derbfine inali ya cholowa cha minda ndi kulipirana milandu. Palibe lamulo lakale limene limanena mosabisa kuti ufumu uzitsata mibadwo 4. Ganizo limenelo analitchukitsa ndi katswiri wa mbiri yakale Eoin MacNeill, ndipo katswiri wina, Donnchadh Ó Corráin, atawerenga mafumu mmodzimmodzi anasonyeza kuti nkhani yeniyeni inali mpikisano wa nthambi za banja. Zoona n'zakuti nthambi ikakhala mibadwo itatu kapena inayi osakhudza mpando inkafota, chifukwa minda yabwino ndi ng'ombe zinkapita kwa amene akulamulira. Ndi zotsatira za kuluza, osati lamulo lolembedwa.

Kuti mndandanda wanuwo umveke, tengani pepala muligawe mizati 4, chifukwa fuko la Uí Néill, lomwe linkati linachokera kwa Niall Noígíallach, linali ndi nthambi zikuluzikulu 4. Kumpoto kunali Cenél Conaill, dera la Donegal lero, ndi Cenél nEógain a ku Ailech. Pakati pa chilumba panali Síl nÁedo Sláine a ku Brega ndi Clann Cholmáin a ku Mide. Mfumu iliyonse muziilemba mu mzati wa nthambi yake, ndipo mujambule mzere wopita kwa bambo wake, osati kwa amene inamulowa m'malo. Mukatero muona kuti m'ma 600 mpando unkakhala kwambiri kwa Cenél Conaill ndi Síl nÁedo Sláine, kenako mizati iwiriyi ikuuma.

Síl nÁedo Sláine anadzidya okha. Anagawikana pawiri, ena ku Knowth ena ku Lagore, n'kumaphana, ndipo Cináed mac Írgalaig ataphedwa mu 728 anakhala zaka zoposa 200 osauonanso mpando wa Tara, chonsecho phiri la Tara lenilenilo lili m'dera lawo. Cenél Conaill anagwa mu 734 pamene Áed Allán wa Cenél nEógain anakankha Flaithbertach mac Loingsig, ndipo nkhondo ya ku Clóitech mu 789 inatsekeratu chitseko.

Kuchokera apo ndiye kasinthasintha amene wakuzunguzaniyo. Áed Allán wakumpoto anaphedwa mu 743 ndi Domnall Midi wa Clann Cholmáin, amene analamulira mpaka 763. Kenako Niall Frossach, m'bale wa Áed Allán. Kenako Donnchad Midi, mwana wa Domnall, mpaka 797. Áed Oirdnide, mwana wa Niall Frossach, mpaka 819. Conchobar, mwana wa Donnchad, mpaka 833. Niall Caille, mwana wa Áed Oirdnide, anamira mumtsinje mu 846. Máel Sechnaill, mdzukulu wa Donnchad Midi, mpaka 862. Áed Findliath, mwana wa Niall Caille, mpaka 879. Flann Sinna, mwana wa Máel Sechnaill, mpaka 916. Niall Glúndub, mwana wa Áed Findliath, anaphedwa ndi ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, pafupi ndi Dublin mu 919. Donnchad Donn, mwana wa Flann, mpaka 944. Kumpoto, pakati, kumpoto, pakati, zaka 210.

Koma musachione ngati chipereganyu cha amayi a pamsika, choti mwezi uno ndi wa uje, wamawa ndi wanu, onse akuseka. Chinayamba ndi kuphana, ndipo chinkagwira chifukwa mbali iliyonse inkalephera kumeza inzake. Wodikira uja sanali kukhala chabe: anali kale mfumu ya ku Ailech kapena ya ku Mide, ndi asilikali ake, wamkulu msinkhu, pamene mwana wa mfumu yomwalirayo amayenera kuyamba walimbana ndi abale ake kuti agwire ufumu wakwawo. Mdani woopsa anali wa m'nyumba momwemo. Donnchad Donn atangolowa mu 919 anakolowola maso a m'bale wake Áed, ndipo patapita zaka 2 anapha m'bale wake wina, Domnall. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ku Mide ankachiphwanya ndithu.

Dongosololi linasweka mu 944 chifukwa cha imfa imodzi. Woyembekezera wakumpoto, Muirchertach mwana wa Niall Glúndub, anaphedwa ndi ma Viking a ku Dublin mu 943, chaka chimodzi Donnchad asanamwalire. Mpata umenewo ndi umene Congalach wa ku Knowth, wa nthambi inauma kalekale ija, analowerapo mpaka 956. Pambuyo pake zinabwerera: Domnall ua Néill mpaka 980, kenako Máel Sechnaill wachiwiri.

Ku Leinster kunali zofanana koma za nthambi 3. Ana atatu a Murchad mac Brain, amene anamwalira mu 727, ndiwo Dúnchad, Fáelán ndi Muiredach, ndipo zidzukulu zawo zinasinthana ufumu wa chigawocho mpaka 1042.

Za kulamulira chilumba chonse, yankho ndi ayi kwa ambiri a iwo. Mfumu ya ku Tara inali mkulu wa Uí Néill ndi mafuko owagonjera. Munster inali ndi mafumu akeake a fuko la Eóganachta ku Cashel, ndipo mmodzi wa iwo, Feidlimid mac Crimthainn, mu 840 anafika ndi nkhondo mpaka kumanga misasa pa Tara pomwepo, Niall Caille n'kudzamugonjetsa chaka chotsatira. Olemba zakale anamutchapo Domnall mac Áedo mfumu ya Ireland pa imfa yake mu 642, koma unali ulemu wopatsidwa ndi amonke ogwirizana ndi banja lake. Woyamba amene dzinali likumukhalako ndi Máel Sechnaill woyamba: anatenga achikole a ku Munster kangapo m'ma 850, ndipo pa msonkhano wa ku Ráith Áeda mu 859 anachotsa ufumu wa Osraige m'manja mwa Munster n'kuuika pansi pake.

Kalaliki_wa_ku_Ndirande:

Ine ndingoyankha za zaka ndi maina, poti pamenepa ndi pamene anthu amagwera.

Cholondola ndi 862. Zaka zitatuzo zikuchokera m'mabuku a zochitika za chaka ndi chaka amene amonke ankalemba. Lodalirika kwambiri pa nyengoyi ndi Annals of Ulster, koma manambala a zaka m'mipukutu yake ali m'mbuyo ndi chaka chimodzi kuchokera kumapeto kwa m'ma 400 mpaka 1012. Osindikiza akale anangokopera 861, atsopano anakonza kukhala 862. Umboni wake ndi kadamsana: wa pa 1 May 664, amene akatswiri a zakuthambo atha kumuwerengera tsiku lake, m'mipukutumo ali pansi pa 663. Chaka cha 860 chikuchokera mu Annals of the Four Masters, lolembedwa pakati pa 1632 ndi 1636, limene pa zaka zakalezi limatsalira pena ndi chaka, pena ndi zingapo, ndipo kutsalirako sikofanana paliponse. Ndiye musamangowonjezera 2 paliponse. Chaka chilichonse chotengedwa mmenemo muzichiyerekeza ndi cha Ulster chokonzedwa. Onsewa ali pa intaneti pa CELT ya University College Cork.

Zonse za chaka cha 550 chisanafike muzizigwira ndi dzanja lofewa, chifukwa zinalembedwa pambuyo pake ndi anthu okumbukira ndi ongoyerekeza. Niall Noígíallach yemweyo, a Four Masters amati anafa mu 405, akatswiri ambiri lero amamuika cha m'ma 450. Zolembedwa pa nthawi yake yeniyeni zinayamba ndi amonke a pa chilumba cha Iona, amene anali otsatira a Columba Woyera, munthu wa Cenél Conaill. Mukamawerenga za m'ma 600 muzikumbukira kuti cholembera chinali m'manja mwa abale a mbali imodzi.

Maina nawo ali ndi msampha. Mac ndi mwana wamwamuna wa uje, ingen ndi mwana wamkazi, ua ndi mdzukulu, kuchulukitsa kwake uí. Dzina likabwera pambuyo pa mawu amenewa limasintha maonekedwe: Niall amakhala Néill, Áed amakhala Áedo kapena Áeda, Domnall amakhala Domnaill, Brian amakhala Briain. Si anthu awiri. Cenél ndi mtundu, Síl ndi mbewu, Clann ndi ana, zonsezi kutanthauza mbumba ya munthu wotchulidwayo. Mabuku a Chingerezi amasokonezanso: Malachy ndi Máel Sechnaill, Hugh ndi Áed.

Popeza a Niall ndi a Áed ndi ambirimbiri, muziwagwira ndi maina awo owonjezera. Glúndub ndi wa bondo lakuda, Caille ndi mtsinje wa Callan umene anamiramo, Sinna ndi mtsinje wa Shannon, Noígíallach ndi wa achikole 9. Ndipo musasakanize Uí Néill ndi Ua Néill. Loyambalo ndi fuko lonse la nthambi 4 zija. Lachiwirilo, limene lero ndi O'Neill, ndi mfunda wa zidzukulu za Niall Glúndub yekha, wa mu 919 uja. Pakati pa a Niall awiriwa pali zaka zoposa 400.

Wa_ku_Chilomoni:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mizati 4 ija yathandiza. Koma pali mmodzi amene sakulowa mu mzati uliwonse: Brian Bóruma, 1002 mpaka 1014. Ameneyu anachokera kuti, ndipo anamulola bwanji?

Nabanda_wa_ku_Limbe:

Sanamulole, achimwene, anawakakamiza. Brian sanali wa Uí Néill, sanalinso wa Eóganachta. Kwawo kunali m'mbali mwa Shannon, dera la Clare lero, ndipo anthu ake poyamba ankawerengedwa m'gulu la Déisi, mafuko opereka mtulo. Dzina lakuti Dál Cais likuonekera koyamba m'zolembedwa mu 934. Atakwera, osunga mibadwo anawapezera kholo, Cormac Cas, n'kunena kuti anali m'bale wa Eógan, kholo la Eóganachta, ndiponso kuti mabanja awiriwa kuyambira kale ankayenera kusinthana ufumu wa Cashel. Mndandanda wakale wa mafumu a Munster sukusonyeza kusinthana koteroko. Ife a kuno sizingatidabwitse: pakakhala mkangano wa ufumu pamudzi, mbali iliyonse imabwera kubwalo ndi mbiri yake ya makolo, yosalala bwino. Mibadwo ya ku Ireland muziiwerenga choncho, ngati chikalata cha mlandu. Imakuuzani amene anali ndi mphamvu tsiku lolembalo. Ngakhale zoti nthambi zakumpoto zija zinali magazi enieni a Niall, akatswiri ena amazikayikira.

Mpata unapezeka chifukwa Eóganachta anali ndi nthambi zambiri zomwazikana, ndipo anafooka kwambiri Cormac mac Cuilennáin, mfumu yomwe inalinso bishopu, ataphedwa ku Belach Mugna mu 908. Mkulu wake wa Brian, Mathgamain, analanda Cashel, anafunkha mzinda wa ma Viking wa Limerick, n'kuphedwa mu 976. Brian anabwezera: mu 977 anapha Ímar wa ku Limerick, mu 978 anapha Máel Muad ku Belach Lechta. Chimene anali nacho choposa anzake ndi zombo. Atagwira Limerick ndi Waterford ankatha kukweza asilikali mu Shannon n'kutulukira pakati penipeni pa Connacht ndi Mide. Mu 997 ku Clonfert anagawana chilumba ndi Máel Sechnaill wachiwiri, Brian kumwera, mnzakeyo kumpoto. Mu 999 anaphwanya Leinster ndi Dublin ku Glenn Máma. Mu 1002 Máel Sechnaill, abale ake akumpoto atakana kumuthandiza, anapereka achikole. Onani kuti sanaphedwe, sanachotsedwenso ku Mide. Anangotsika khwerero limodzi.

Mu 1005 Brian anapita ku Armagh, likulu la mpingo wa Patrick Woyera, n'kusiya maaunzi 20 a golide paguwa, ndipo mlembi wake analemba m'buku la tchalitchicho kuti Brian ndi imperator Scotorum, mfumu ya mafumu ya anthu a ku Ireland. Komabe Cenél Conaill anadzagonja mu 1011, ndipo patangopita zaka 2 Leinster ndi Dublin anali atagalukira kale.

Nkhondo ya ku Clontarf, Lachisanu Loyera pa 23 April 1014, anthu amaikamba ngati ya Aairishi kuthamangitsa ma Viking. Nkhani imeneyo inakometsedwa patapita zaka pafupifupi 100, m'nthawi ya Muirchertach Ua Briain, mdzukulu wa mwana wa Brian. Mbali yotsutsana ndi Brian inali ndi Máel Mórda, mfumu ya Leinster, Mwairishi weniweni. Anafa Brian, mwana wake Murchad, mdzukulu wake Tairdelbach, Máel Mórda, ndi Sigurd wa ku Orkney. Sitriuc, mfumu ya Dublin, anapulumuka n'kulamulirabe mpaka 1036. Máel Sechnaill anabwerera pampando mpaka 1022, ndipo mu 1023 mwana wina wa Brian, Tadc, anaphedwa mochita kukonzedwa ndi m'bale wake Donnchad.

Mphunzitsi_wa_pa_Soche:

Ndavomera za derbfine, mayi. Ndiwonjezere kanthu kamodzi pa pepala lija: mutenge cholembera cha mtundu wina mujambule akazi, poti mizati yakuchimuna yokha ikubisa theka la nkhani. Mkazi sankalowa ufumu, koma taonani. Land, mlongo wa Cerball mfumu ya Osraige, anakwatiwa ndi Máel Sechnaill woyamba n'kubereka Flann Sinna, ndipo mwamunayo atamwalira anakwatiwa ndi womulowa m'malo, Áed Findliath. Máel Muire, mwana wa Cináed mac Ailpín mfumu ya ku Scotland, anakwatiwa ndi Áed Findliath n'kubereka Niall Glúndub, kenako anakwatiwa ndi Flann Sinna. Niall Glúndub naye anakwatira Gormlaith, mwana wa Flann. Chikufanana ndi chokolo, kungoti wolowayo sanali m'bale wapafupi wa malemu koma wa nthambi yopikisana nayo.

Ku Clontarf mizere ya akaziyo ndiye imapiringizana zedi. Gormlaith wina, mwana wa Murchad wina wa ku Leinster, anali mlongo wa Máel Mórda, mayi wa Sitriuc wa ku Dublin, komanso mkazi wa Brian amene anamuberekera Donnchad. Sitriuc yemweyo anakwatira mwana wamkazi wa Brian. Ndiye tsiku limenelo Brian ankamenyana ndi mlamu wake komanso mkamwini wake, amene analinso mwana womupeza. Gormlaith anamwalira mu 1030, mwana wake mmodzi akulamulira Dublin, wina Munster.